Thumba la Chimanga Lisanafike ku Mchesi

 Mnzanga wina atamva kuti ndikubwera kuno ku Mchesi kudzakamba za ulimi ndi inu a m'magulu a banki m'khonde anaseka mpaka misozi. Akuti, "Ku Mchesi kuli munda wanji? Kumene kuja amalima mipando, makama ndi mabokosi a maliro." Ndiye ndikupempheni chinthu chimodzi tisanapite patali. Amene munatumiza ndalama ya feteleza kumudzi chaka chathachi, kapena munachita lendi munda ku Mitundu, ku Nathenje, ku Mpingu kapena ku Chitipi, takwezani mkono. Cheukani muone anzanu. Alimi adzaza holo ino, kungoti minda yawo ili kutali ndipo khasu lawo ndi foni.

Ine ndinagwira ntchito ya ulangizi zaka zambiri, ndipo njinga yanga inathera matayala m'midzi ya Lilongwe ndi Dedza. Tinkaphunzitsa anthu kuunga mizere motalikirana masentimita 75, kubzala mbewu imodzi paphando, mapando motalikirana masentimita 25, njira ija munaipatsa dzina loti Sasakawa. Zinali zabwino ndipo mpaka lero n'zabwino. Koma ndikuvomera pamaso panu kuti tinkaphunzitsa kukolola osaphunzitsa kuwerengera. Lero ndikufuna titsate thumba limodzi la chimanga la makilogalamu 50, kuyambira kumene limabadwira mpaka kudzala la kuseri kwa nyumba yanu, tione kuti ndalama yake imadontha pati.

Thumba limeneli silibadwira m'munda. Limabadwira kutsidya kwa nyanja, m'fakitale yopanga yureya. Yureya amapanga kuchokera ku mpweya womwe tikupumawu pamodzi ndi gasi wa pansi pa nthaka, ndipo kuno kwathu fakitale yotero kulibe. Makampani athu amangosakaniza zimene zabwera kale. Feteleza amakwera sitima ya pamadzi n'kutsikira ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, kenako n'kuyenda mtunda wautali pa galimoto kapena pa njanji. Ulendo wonsewo timalipira ndi madola, ndipo madola athu ambiri amachokera ku fodya amene amagulitsidwa ku okushoni ku Kanengo ndi m'misika ina. Choncho nsima ya ku Mchesi yamangirizidwa ku mtengo wa gasi ku Ulaya ndi ku mtengo wa fodya ku Kanengo. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu Febuluwale 2022, feteleza anakwera mtengo dziko lonse lapansi. Mu Meyi chaka chomwecho kwacha anaichepetsa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 anaichepetsanso ndi 44 peresenti. Mayi wogulitsa mandasi pamsika wa Mchesi, amene sanaionepo nyanja ya mchere, analipira nawo zonsezo pa chigoba cha chimanga.

Maboma athu onse akhala akulimbana ndi mtengo umenewu. Mu 1998, nthawi ya a Bakili Muluzi, kunabwera timapaketi ta sitatapaki. Mu 2005 a Bingu wa Mutharika anayambitsa makuponi, ndipo tisamanamizane, chimanga chinachuluka: dziko limene linakolola matani pafupifupi 1.2 miliyoni mu 2005 linapitirira matani 3 miliyoni mu 2007, ngakhale kuti mvula nayo inagwa bwino zaka zimenezo. Mu 2020 a Lazarus Chakwera anabweretsa pulogalamu ya AIP, thumba la feteleza pa K4,495. Chaka chotsatira linali K7,500, kenako K15,000, uku chiwerengero cha opindula chikutsika. Ine sindinyoza sabuside, chifukwa ndinaona ndi maso anga mabanja amene anasiya kudya kamodzi patsiku chifukwa cha kuponi. Koma onani kuti patatha zaka zonsezi, mvula itavuta mu 2024, boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa maboma 28, ndipo anthu 5.7 miliyoni anafunika thandizo la chakudya. Kuponi inatithandiza kugula feteleza, koma nthaka yomwe timathirapo fetelezayo sinaichize.

Tsopano tulutsani makope anu aja mumalembamo masheya, tiwerengere limodzi. Tisawerenge m'makwacha, chifukwa kwacha ya lero mawa ndi ina. Tiwerenge m'matumba a chimanga, ndipo aliyense asinthe manambalawa malinga ndi munda wake.

Mlimi wamba kuno amakolola pafupifupi matani awiri pa hekitala zinthu zikayenda bwino. Pa ekala imodzi ndiye kuti matumba 16. Ekala imeneyo imafuna thumba limodzi la feteleza wokulitsa ndi limodzi la wobereketsa. Zaka zaposachedwapa, mukagula feteleza pamtengo wa m'sitolo n'kugulitsa chimanga pamtengo wa pokolola, thumba limodzi la feteleza lakhala likudya matumba a chimanga atatu kapena kuposa. Lembani 6. Mbewu ya haibulidi, makilogalamu 10, lembani thumba limodzi kapena awiri. Inu muli kuno m'tauni, ndiye kugalauza, kupalira, kubandira ndi kukolola zonse n'zaganyu. Lembani atatu kapena anayi. Masaka, mankhwala, ngolo yotuta, galimoto yobweretsa kuno, ndi minibasi zanu zokayendera munda, lembani awiri. Amene munachita lendi munda, wonjezerani lina. Mwatsala ndi angati? Pakati pa limodzi ndi anayi. Ndipo sitinawerenge thumba limene apongozi atapako, lomwe simungalifunse.

Ndikuona ena mukuseka mwamanyazi. Musadandaule, inenso kope langa linandiuza zomwezo chaka china, ndipo ndinalibisa kwa mayi a kunyumba mwezi wathunthu.

Wina anena kuti basi tisiye kulima, tizingogula. Dikirani kaye. Funso labwino ndi lakuti, n'chifukwa chiyani ekala ikupereka matumba 16 pomwe mbewu yomweyo, pa Chitedze kapena ku Bunda, imapereka kuwirikiza katatu? Gawo lina la yankho ndi nthawi. Ndalama yanu imafika kumudzi mochedwa, feteleza wokulitsa n'kuthiridwa chimanga chitafika m'mawondo, kupalira n'kuchitika udzu utadya kale. Koma gawo lalikulu ndi nthaka yomwe. Munda umene walimidwa chimanga pa chimanga kuyambira nthawi ya a Kamuzu, mapesi ake akuotchedwa chaka ndi chaka kuti anyamata asake mbewa, umasanduka ngati sefa. Mulibe zowolerana zogwira madzi ndi chakudya cha mbewu, ndiye mvula yamphamvu ikagwa yureya amangopitirira pansi. Nthaka yambiri yachita asidi, ndipo feteleza wina amamangika momwemo mbewu osamupeza. Mukaona kaufiti wachita maluwa ofiira m'munda monse, dziwani kuti nthaka ikukuuzani kuti yatopa. Pamenepo mukhoza kuwonjezera thumba lachitatu la feteleza, koma mudzakhala ngati munthu wothira madzi m'dengu.

Anzathu a ku Ekwendeni, kuyambira chaka cha 2000, akhala akuyesa kubzala mtedza ndi nandolo m'munda umodzi, chaka chotsatira n'kubzalamo chimanga. Mbewu za mtundu wa nyemba zili ndi tinthu totupa kumizu momwe mumakhala tizilombo totapa chakudya cha mbewu kuchokera mumpweya, ntchito yomwe fakitale ija ya yureya imagwira ndi gasi wodula. Masamba a nandolo akayoyoka amawolerana pomwepo. Amene muli ndi mtengo wa msangu m'munda mukudziwa kale kuti chimanga cha pansi pake chimaoneka mosiyana, popeza msangu umayoyola masamba nthawi ya dzinja mitengo ina ikuphuka. Kwa inu alimi a pafoni, nzeru yake ndi yakuti gawani munda: theka chimanga, theka soya kapena mtedza, chaka chamawa musinthanitse. Soya safuna yureya, amangofuna kapaketi ka inokulanti. Mtedza wa CG7 kapena Chalimbana msika wake simuchita kufunsa, pitani ku Mgona mukaone matumba mmene aunjikidwira. Theka la munda likamadzilipirira lokha, feteleza wanu yense amapita pa theka linalo, panthaka imene yapumako.

Tiyeni tichoke kumunda. Apa ndi pamene ndikufuna mutchere khutu kwambiri, chifukwa ndi pamene inu a banki m'khonde muli ndi mphamvu kuposa mlimi wa kumudzi.

Chimanga chimakhala ndi mitengo iwiri pachaka. Mu Epulo ndi Meyi venda amamangirira sikelo pamtengo wa mango pakati pa mudzi. Mlimi ali ndi ngongole ya katapila, mwana akufuna fizi, ndiye amagulitsa. Unduna wa Zaulimi umalengeza mitengo yoyambira chaka chilichonse, koma mtengo wa papepala ulibe mphamvu ngati palibe wogula pamtengowo. ADMARC, imene inakhazikitsidwa mu 1971 kuti izigwira ntchito imeneyi, kawirikawiri imalowa pamsika mochedwa mavenda atasesa kale. Ikafika Januwale ndi Febuluwale, chimanga chomwecho chimabwerera kumudzi komweko, ndi kuno ku Mchesi, pamtengo wowirikiza. Amene alibe ya chigoba amagula kaufa ka m'pepala kaja timati wokumani, ndipo mukawerengera pa kilogalamu, wogula wokumani ndi amene amalipira modula kuposa wina aliyense m'dziko muno. Mphawi amagula modula chifukwa amagula pang'onopang'ono.

Kodi venda uja wawonjezera chiyani pa chimangacho? Sanachiphike, sanachigaye. Wangochisunga miyezi isanu ndi itatu. Phindu lake ndi malipiro a kudikira, ndipo amatha kudikira chifukwa ali ndi ndalama m'thumba ndi pomwe angasunge. Musamutukwane, ntchito yake ndi yofunika. Mutengereni nzeru. Magulu anu amasonkha ndalama sabata iliyonse, n'kumabwerekana kuti wina akaode kaunjika, wina tomato ku Wakawaka, kenako mu Disembala n'kugawana, mwezi umene chimanga chayamba kale kudula. Bwanji gulu osapatula gawo la ndalamazo mu Meyi kapena Juni, n'kugula chimanga cha mabanja anu pamtengo wa pokolola?

Kale chimene chinkalepheretsa ndi anankafumbwe, makamaka aja aakulu amene amaboola ngakhale nsungwi za nkhokwe. Lero kuli matumba a PICS, amene anatulukira akatswiri a ku yunivesite ya Purdue ku America. Muli mapepala awiri a pulasitiki m'kati ndi saka kunja. Mukamanga bwino pepala lililonse palokha, mpweya umatha m'katimo, tizilombo n'kufa tokha popanda mankhwala. Thumba limodzi mukalisamala limagwira ntchito zaka zingapo. Mdani wake ndi khoswe ndi msomali, ndiye liikeni pa thandala, osati pansi, ndipo anthu a thandala muli nawo pompano. Gulu likakula mpaka kufika pa matani, ku Kanengo kuli a ACE amene amasunga mbewu m'nyumba zawo n'kukupatsani lisiti lomwe mungagulitsire kapena kukongolera ndalama.

Pali misampha iwiri. Woyamba ndi chinyezi. Chimanga cha mu Epulo chimalemera ndi madzi, ndipo mukachitsekera chisanaume chimachita chuku. Chuku china chimatulutsa poizoni wosaoneka amene amawononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana, ndipo kuphika sikumuchotsa. Yesani motere: ikani chimanga pang'ono m'botolo louma la galasi, thiranimo mchere wouma, tsekani, khutchumulani, dikirani kanthawi. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere pamkeka. Msampha wachiwiri ndi dyera. Mu 2017 dziko linakolola zambiri, boma linali litaletsa kugulitsa chimanga kunja, ndipo mtengo unagona pansi mpaka miyezi ya njala. Amene anasunga kuti adzaphe makwacha analira. Ndiye ine sindikukuuzani kuti musanduke mavenda. Yambani ndi chimene mabanja anu adzadye, chifukwa chimenecho, mtengo ukwere kapena utsike, mudzachidya ndithu.

Thumba lathu lija lafika ku Mchesi, ndipo likupita kuchigayo. Apa ndilankhula mwachidule chifukwa ndikudziwa kuti amayi mundiyang'ana ndi diso lofiira. Mukakonola, kuviika mphale ndi kugayitsa ufa woyera, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a thumba lija silifika m'poto. Mgaiwa umabweza pafupifupi thumba lonse, ndi mafuta ndi zomanga thupi zili momwemo. Sindikulamula nsima ya m'nyumba ya munthu; kwanganso mgaiwa umadyedwa ine ndikakhalapo basi. Ndingofunsa kuti madeya anu amapita kuti. Ambiri mumawasiya pachigayo, mwini chigayo n'kuwagulitsa kwa oweta nkhuku ndi nkhumba. Mwamulipira kugaya, mwamupatsanso katundu waulere.

Tsopano tifike kudzala, kumene mnzanga woseka uja sanaganizeko. Imani m'mbali mwa msewu wa M1 m'mamawa muone magalimoto akulowa mumzinda: chimanga, mbatata, kachewere wa ku Dedza ndi Ntcheu, kabichi, nzimbe, makala. Chilichonse mwa zimenezo chanyamula chonde cha munda wa munthu. Mzinda uno, umene pa kalembera wa 2018 unali ndi anthu pafupifupi miliyoni imodzi, umadya chonde chimenecho tsiku ndi tsiku, zotsala zake n'kukathera m'ngalande, mumtsinje wa Lilongwe kapena kumtaya ku Area 38. Madzulo magalimoto omwewo amabwerera kumudzi opanda kanthu. Chonde chimayenda ulendo wopita kokha, ndiye ife n'kumaitanitsa china kuchokera kutsidya kwa nyanja ndi madola amene tilibe.

Mchesi ali ndi chuma chimene madera ena alibe: utuchi ndi mapalepale a matabwa. Akalipentala athu amapala matabwa a paini tsiku lonse, ndipo milu yake ina imangotenthedwa. Utuchi wosawola musakathire m'munda, umalanda chakudya cha mbewu pamene ukuwola ndipo chimanga chimachita chikasu. Koma uyaleni m'khola la nkhuku za nyama milungu isanu ndi umodzi, umwe zitosi, kenako muuunjike pamodzi ndi masamba otayidwa pamsika ndi phulusa la m'mbaula, muzithirira ndi kutembenuza. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu mumapeza manyowa akuda onunkhira ngati dothi la m'nkhalango. Ingopewani utuchi wa matabwa opakidwa penti kapena mankhwala a chiswe. Izi si maloto. Amayi a ku Mtandire anayamba kalekale kutola zinyalala zowolerana n'kupanga manyowa ogulitsa kwa anthu a maluwa ndi a madimba. Kusiyana kwake n'kwakuti inu muli ndi minda yanuyanu yoti manyowawo akagwireko ntchito, ndipo galimoto yobwerera ku Mitundu yopanda katundu siingakulipiritseni ngati yobwera yodzaza.

Ambiri mwandifunsa panja paja za feteleza wa Mbeya. Kapangidwe kake kamasiyana pang'ono malinga ndi wophunzitsa, koma mutu wake ndi umodzi: makilogalamu 10 a feteleza wa m'sitolo, kusakaniza ndi madeya, ndowe zouma zosefa za nkhuku, nkhumba kapena mbuzi, ndi phulusa, kuwaza madzi okwana malita asanu, kutsekera m'thumba la pepala m'kati masiku 21, kenako kuyanika pamthunzi. Thumba limodzi la m'sitolo limatulutsa matumba asanu. Onani kuti madeya, zitosi ndi phulusa zonse zili kuno m'tauni. Koma ndikuuzeni zoona, popeza ena amalalikira Mbeya ngati chozizwitsa cha mikate isanu. Yureya wa makilogalamu 50 ali ndi makilogalamu 23 a chakudya chobiriwitsa mbewu, ndipo kumugawa pasanu sikuchulukitsa chakudyacho. Chimene chimawonjezereka ndi cha m'zitosi ndi m'madeya, komanso phulusa limachepetsako asidi, ndipo zowolerana zimathandiza kuti feteleza asakokoloke msanga. Thumba la Mbeya silingafanane mphamvu ndi thumba la yureya. Amene anathira pa phando mlingo wofanana ndi wa yureya n'kumayembekezera zofanana anakhumudwa. Thirani mowolowa manja, ndipo chaka choyamba yesani pa mizere khumi, ina khumi muthire mwachizolowezi, mukolole padera, muyeze pasikelo. Munda wanu ukuuzani zoona kuposa ine.

Za kuseri kwa nyumba sinditaya nthawi, popeza ambiri muli pa lendi ndipo bwalo ndi la anthu asanu. Komabe saka lodzaza dothi ndi manyowa, loboola m'mbali, limabereka mpiru, repu ndi bonongwe ndi madzi otsukira mbale opanda sopo wambiri. Amene muli ndi kamalo, bzalani mbatata yofiira m'kati, ya Kadyaubwerere kapena Chipika: kholowa ndi ndiwo, mbatata ndi kadzutsa wa ana m'malo mwa buledi, ndipo ili ndi vitamini A. Masamba akachuluka mu Febuluwale futsani, monga ankachitira agogo athu, m'malo mogula kamulu kodula mu Okutobala.

Chinthu chimodzi chimandidetsa nkhawa, ndipo ndilibe mankhwala ake. Minda imene inkadyetsa mzinda uno ikusanduka mapuloti. Amene munafika ku Lilongwe likulu litangosamukira kuno mu 1975 mukukumbuka kuti kupitirira Chinsapo kunali chimanga chokhachokha. Lero ndi njerwa ndi malata mpaka ku Njewa. Mwini munda akagulitsa amalandira ndalama imene chimanga sichikanamupatsa pa zaka khumi, ndiye simungamudzudzule. Koma chaka chilichonse munda wa lendi ukusunthira kutali, ndipo mtengo wa galimoto pa thumba lililonse ukukwera. M'kope lija, mzere wa mayendedwe ndi umene udzikula kuposa ina yonse, ndipo n'chifukwa chake magulu amene minda yawo ili mbali imodzi ayenera kumapangana tsiku limodzi lotuta ndi galimoto imodzi.

Ndaona a Wapampando ayang'ana wotchi kachiwiri. Pakhomo paja ndasiya matumba atatu. Loyamba ndi la PICS, muli chimanga chimene ndinatsekera mu Juni. Mayi mmodzi abwere adzamasule yekha kuti musanene kuti ndachita matsenga. Lachiwiri ndi Mbeya amene wakwanitsa masiku ake dzulo, ndipo amene muli ndi chimfine muyambe ndinu kununkhiza. Lachitatu ndi utuchi umene ndapempha kwa akalipentala a pamsewu pomwe ndimabwera, ndipo anandifunsa kuti, "Bambo, mukufuna matumba angati? Tengani onse." Botolo ndi mchere zili patebulo. Alembi a magulu atsale pang'ono ndi makope awo, tiwerengere limodzi kuti gulu lililonse likufunika matumba angati kuti lifike mu Malichi.